Ku Joni n'pafupi, kutali n'ku Lumbadzi

Lamlungu, Bembeke

Misa itatha ndinadzera kwa amalume kukatsanzika. Ndinawapeza pakhonde atadzikulunga m'chijasi chawo chakalekale, akuothera kadzuwa koti ngakhale buluzi sangakatulukire. Juni wa ku Bembeke sanyengerera munthu. Mpaka 11 koloko mame anali asanaume pa kabichi.

"Ndiye akuti mukwera ndege, Nangozo?"

Ndinavomera monyadira ndithu, poti ndimadziyesa woyamba m'banja mwathu. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ine ndinaikwera inu musanabadwe."

N'zoonadi, ndinali nditangoiwala. Mu 1972 iwo anapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodimo. Anakawakweza ndege pa Chileka mpaka ku Francistown, dziko la Botswana, ndipo kuchoka apo anakwera sitima mpaka ku Joni. Akuti inali ya mainjini anayi, yaphokoso moti munthu unkagona makutu akulirabe. Akufotokoza choncho nkhope inasintha. Mu Epulo 1974 ndege ina ya Wenela, itanyamula anyamata obwerera kumudzi, inagwa itangonyamuka pa Francistown pomwepo. Anafa anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi, ndipo Kamuzu analetsa Wenela kulembanso anthu kuno. Amalume anali akadali ku mgodi, uthengawo unawapeza ku kompaundi.

Abale inu, munthu woti ndikukwera Lachitatu n'kumandiuza zimenezi? Ndinangoti zii. Ataona kuti ndafooka anandigwira dzanja, nati ndege za masiku ano n'zina. Kenaka anapereka oda yawo: bulangete la ku Joni lolemera, osati timapepala ta pamsika'ti.

Chondiyendetsa n'chakuti mlamu wanga wachira, mwana wamwamuna, ndipo kumeneko alibe mayi wamkulu woti amusambitsire khanda. Achimwene, amene amawotcherera zitsulo ku Tembisa, pafupi ndi Joni, ndiwo agula tikiti. Anati basi indipweteka miyendo yanga yotupatupayi. Mtengo wake atanditchulira ndinauwerengera m'matumba a feteleza, mutu unazungulira, ndinasiya.

Lolemba usiku, Dedza boma

Tikiti ikuti makilogalamu 23. Ndabwereka sikelo kwa mayi wogulitsa kachewere pafupi ndi depoti, tapachika chikwama pa mtanda wa khonde, muvi n'kuima pa 29. Ndatulutsa kachewere yense, poti achimwene anena kale kuti zam'munda zaziwisi zimavuta polowa nazo kumeneko. Zatsala ndi mpunga wa Kilombero, usipa wouma, nsinjiro, ufa woyera pang'ono ndi zitenje ziwiri zoberekera. Tsopano muvi uli pa 22 ndi kakang'ono. Koma sikelo za ogulitsa kachewere timazidziwa, sizinamiza mbali ya wogulitsa.

Mwana wanga wa Fomu 3 wakhala akusanthula pa foni. Akuti kuchokera pa bwalo la Kamuzu kukafika pa bwalo la OR Tambo ku Joni, molunjika ngati khwangwala, ndi makilomita pafupifupi 1,490, ndipo ndege imatenga maola awiri ndi mphindi 20 kapena kupitirirapo pang'ono. Wagawa ndi 85, mtunda wa kuno kukafika ku Lilongwe, n'kupeza 17 ndi theka. "Mayi, ndiye kuti mupita ku Lilongwe ka 17 tiyi asanazizire." Masamu ake ndawakhulupirira, koma thupi likukana.

Chomwe chikundiseketsa n'ichi. Joni ali kummwera. Mabasi a ku Joni amadutsa pakhomo pathu penipeni, amakhotera ku boda ya Dedza kulowa Mozambique, ndipo ndakhala ndikuwaona zaka zonsezi atakoka ngolo zodzaza katundu. Ine mawa ndiyamba ndi kulowera kumpoto, kumufulatira Joniyo, makilomita 85 mpaka mu tauni ndi enanso ngati 25 kukafika ku Lumbadzi komwe kuli bwalo.

Tulo palibe. Ndayang'ana pasipoti kanayi.

Lachiwiri, pa M1

Ndinafika pa depoti 9 koloko. Kondakitala analumbira kuti kwatsala anthu awiri okha. Anthu awiriwo anatitengera ola ndi mphindi 20, ndipo ena amene ndinawapeza atakhala m'katimo anatsika galimoto itadzaza, kutanthauza kuti anali ongokopera. Ananditchaja K9,000, chikwama K3,000 payokha. Ndinakangana naye pang'ono mwamwambo chabe, poti aliyense ankadziwa mmene mafuta ankasowera.

Pa Linthipe tinatsitsa mayi wa nkhuku, tinakweza matumba atatu a tomato. Pa Chimbiya fungo la kanyenya linalowa pa windo, bambo wina anatsika kukagula, tonse n'kumamudikira ngati ndi mwini galimoto. Titawoloka Diamphwe, tisanafike pa Kamphata, kunamveka phuu! Tayala lakumbuyo. Lapadera analipo, koma jeke analibe. Tinakhala pa udzu m'mbali mwa msewu mphindi 40 mpaka dalaivala wa lole ina anaima n'kutibwereka wake, osafunsa ngakhale tambala.

Pa udzupo ndinacheza ndi mtsikana wopita ku Bunda. Nditamuuza kuti ndikupita ku Joni anayang'ana msewu, anayang'ana ine. "Mayi, simunasokere? Ku Joni n'uko." Analoza kumene tachokera.

Tinalowa mu depoti ya Lilongwe cha m'ma 1:30. Maola anayi ndi theka chifikireni pa depoti ya kwathu, makilomita 85. Mwa masamu a mwana wanga, nthawi imeneyo ndege ikanapita ku Joni n'kutsala pang'ono kuteranso kuno. Minibasi ina mpaka ku Area 25 kwa msuweni wanga, ndipo ndinafika dzuwa litapendeka, msana ukuwawa ngati ndalima tsiku lonse. Anandiphikira nsima ya bonya ndi chisoso. Ndadya ngati ndikutsanzika dziko.

Lachitatu m'mamawa, bwalo la Kamuzu

Tinadzuka 4 koloko. Amuna a msuweni wanga anapangana ndi mnzawo wa takisi, K25,000, ndalama yoposa kawiri ya minibasi ya dzulo pa mtunda wosakwana theka lake. Tinadutsa Kanengo kuli mdima, nkhokwe za chimanga zija zitangoima njo ngati mapiri. Msewu wokhotera ku bwalo unali phee, kabaza mmodzi yekha atavala thumba la pulasitiki pachifuwa kutchinga mphepo.

Anatiuza kuti tifike maola awiri kapena atatu ndege isananyamuke. Ndiye taonani, kudikira kokha n'kofanana ndi ulendo wonse wa m'mwamba.

Chikwama pa sikelo yawo chinalemera 23.4. Mtima unagunda. Mtsikana wa pa kauntala anangondiyang'ana, namwetulira, n'kuchimata chipepala. Chinalowa pa lamba woyenda yekha, n'kuzimirira kuseri kwa khoma. Kunena zoona ndinachitsanzika mumtima. Ku depoti katundu wako sumuchotsa diso, kuno akuti upereke kwa khoma n'kukamupeza dziko lina.

Pa makina ounikira ndinachita manyazi. Ndinali ndi botolo la thobwa m'kachikwama ka m'manja, loti ndizimwa m'njira. Anandiuza mwaulemu kuti zamadzimadzi zochuluka choncho sizidutsa. Ndinaima pambali n'kumwa theka, lotsalalo ndinapatsa mayi wokolopa amene amandiyang'ana mondimvera chisoni. Safunsa anadya phula, ine ndinamwa thobwa mothamanga 6 koloko m'mawa.

Tsopano ndakhala pa mpando woyang'ana pa galasi. Ndege ili apo, yoyera mbee, anyamata akuponya zikwama m'mimba mwake. Ndaona chobiriwira chonga changa. Korona ali m'manja. Francistown sakuchoka m'mutu.

Lachitatu lomwelo, m'mwamba

Mpando wanga unali wapakati. Wa pa windo anali bambo wina wa imvi za apo ndi apo, wochita geni ya zipangizo za galimoto. Ataona mmene ndimalimbanirana ndi lamba anandimangira, nafunsa ngati n'koyamba. Kenaka anaimirira. "Khalani kuno mayi, ine ndinaona kale." Mulungu awadalitse bambo amenewo, dzina sindinawafunse n'komwe.

Kunyamuka kwake sindingakunamizeni, ndinatsinzina. Inayamba pang'onopang'ono ngati ngolo, inaima, kenaka inabangula n'kuthamanga liwiro loti msana unamatirira ku mpando. Kugwedera kwa matayala kutangosiya ndinadziwa kuti dziko latisiya. Tikuoneni Maria wanga anathera pakati. Makutu anatseka, bambo aja anandipatsa switi nati ndizimeza malovu.

Nditatsegula maso, minda inali timabala ting'onoting'ono ngati chitenje cha zigamba, madenga a malata akuthwanima apa ndi apo. Tinadutsa nkhalango yakuda bii, iwo anati ndi Dzalanyama, ndipo kuseri kwake ndi Mozambique kale. Popanda mzere, popanda chidindo, popanda wosintha ndalama wokuthamangira.

Bambowa anayenda pa basi zaka zambiri asanayambe kukwanitsa ndege, ndiye njira yapansi ili m'mutu mwawo ngati katekisimu. Kuchoka Lilongwe m'mawa, boda ya Dedza, Ulongwe, kutsetsereka mpaka ku Tete kotentha ngati ng'anjo, kuwoloka Zambezi, Nyamapanda, Harare usiku, Masvingo, Beitbridge, Musina, Polokwane, Pretoria, n'kukatsikira pa Park Station, depoti ya ku Joni. Makilomita oposa 1,800, maboda atatu, pa boda iliyonse kutsika kudinditsa potuluka ndi polowa. Zikayenda bwino maola 30 ndi kanthu, zikavuta mausiku awiri pa mpando.

Patangotha mphindi ngati 20 anandikodola. Pansi panali mtsinje waukulu, ndipo chakumanja patali madzi ambiri otambalala pakati pa mapiri. "Zambezi uyo. Uko ndi Cahora Bassa." Akuti magetsi ambiri a damu limenelo amayenda pa mawaya mpaka ku South Africa komwe tikupitako. Ndinaganiza za makandulo anga kunyumba, sindinayankhe. Iwo anayang'ana wotchi. "Basi yonyamuka nthawi imodzi ndi ife ikadali ku Nathenje."

Woyendetsa analankhula m'Chingerezi chothamanga, ndinangotolapo manambala. Bambo aja anandimasulira kuti tili pamwamba makilomita ngati 11, tikuthamanga makilomita oposa 800 pa ola, ndipo kunjako kukuzizira kuposa m'firiji. Phiri la Dedza, limene ife timaliona ngati lafika kumwamba, ndi mamita 2,198 okha. Kulisanjikiza kasanu ndiye mwina n'kutikhudza. Chodabwitsa n'choti liwirolo silimveka. Tiyi m'kapu anangokhala bata, pamene mu minibasi ya dzulo ngakhale chipewa chimagwa.

Ndinafunsa kuti ngati liwiro ndi limenelo, bwanji sitifika maola awiri asanakwane? Anati ndege siyamba ndi liwiro lonse, imakwera kaye, potsika imachepetsanso, nthawi zina imazungulira kudikira mpata wotera. Komanso nthawi yolembedwa pa tikiti amayambira kuwerenga ikangosuntha pamalo pake mpaka itakaima kwinako, kuyenda kwa pansi n'komwe. Mphepo nayo ikakhala yochokera kutsogolo imawonjezera mphindi. Anatinso ku Nairobi mtunda wake n'chimodzimodzi ndi wa ku Joni, kungoti kumeneko ukafika umakankha wotchi ola limodzi kutsogolo. Ku Joni ayi, nthawi yawo ndi yathu yomweyi.

Anabweretsa chakudya m'kabokosi: kabanzi, dzira lokazinga, tizipatso todula. Ndinadya zonse. Kabatala ndi kajamu ndinabisa m'chikwama kuti ndikaonetse mwana wanga. Musandiseke.

Zimbabwe inali yofiirira, youma, miyala ikuluikulu itasanjikizana. Harare sindinamuone, akuti anatsala chakumanja. Patatha ola ndi theka anandionetsa mzere wa mchenga wokhotakhota, madzi ochepa pakati. Limpopo. Chapafupi pamenepo ndiye Beitbridge. Apa bambo aja anakhala chete kanthawi, kenaka anati anagonapo pa simenti pamenepo usiku wathunthu, chikwama atachita pilo, mu Disembala mabasi atachuluka. Ife tinadutsapo nthawi yosakwana kumwa kapu ya madzi.

Achimwene anadutsa pomwepo zaka 9 zapitazo ndi kachikwama kamodzi. Sanandiuzepo kuti anagona pati. Ndinayang'ana mchengawo mpaka phiko linaubisa.

Lachitatu madzulo, Tembisa

Kutera kunandiopsa kuposa kunyamuka. Nyumba zinayamba kukula, misewu ya mizere inayi inayi, milu yachikasu ya dothi la m'migodi imene amalume amaikamba ija, kenaka gu! matayala pansi. Wina kumbuyo anaomba m'manja. Ndinayang'ana foni: maola awiri ndi mphindi 18 chinyamukireni. Mwana wanga sananame.

Koma bwalo la OR Tambo ndi tauni payokha. Dzinali ndi la Oliver Tambo, mtsogoleri wa chipani cha ANC uja, ndipo analipatsa mu 2006. Kale linkatchedwa Jan Smuts, dzina limene amalume amalidziwa. Tinayenda m'makonde osatha. Masitepe oyenda okha ndinaima nawo kaye ngati mwana woopa kuwoloka mtsinje, mpaka mtsikana wina wachizungu anandigwira pa chigongono tinakwerera limodzi. Ndege zingapo zinatera nthawi imodzi, ndiye mzere wodinditsa unapindika kangapo. Wa pa windo anafunsa komwe ndikukhala ndi tsiku lobwerera, ndinamuonetsa tikiti, nadinda masiku 30. Achimwene anandichenjeza kale kuti masiku amenewa osawapyola, ukapyola amakuletsa kulowanso kwa nthawi.

Chikwama changa chinatulukadi pa khoma lina, chikuzungulira chokha, usipa ukununkhira patali. Ndinachikumbatira.

Kuchokera pa khomo la ndege mpaka pomwe achimwene anaima panatenga ola ndi theka. Ananenepa, ndevu zayamba imvi. "Achemwali, mwafikadi?" Tinangogwirana, mawu anasowa. Kunja mphepo inandimenya mbama. Ndimayesa kuti munthu wa ku Dedza sangaphunzitsidwe chisanu, koma bwalo limeneli lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, kuposa tauni yathu imene ili cha m'ma 1,600. Chisanu chake n'chouma, chosweka nacho milomo.

Ndawerengera. Kuchoka pakhomo panga Lachiwiri m'mawa kufika pakhomo pano ndi maola ngati 28. M'mwamba ndakhalamo awiri okha ndi timphindi.

Khandalo lili ndi mphuno ya malemu bambo athu. Ndalisambitsa madzulo ano m'beseni pafupi ndi hita, likulira mokweza ngati Mngoni weniweni.

Lachisanu la sabata yotsatira, Tembisa

Sindinalembe masiku onsewa, ntchito ya chikuta sipatsa mpata. Kuchapa matewera, phala la mlamu, kudzuka usiku. Nyumba ndi ya chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni ake, ndipo achimwene akugona ku ntchito kuti ine ndipeze malo. Ufa woyera unatha tsiku lachinayi. Wa kuno amautcha mealie meal, nsima yake amati pap, imakhutitsa koma siikoma ngati ya ufa wonyika.

Ndege zimadutsa pamwamba pa denga pafupipafupi, poti bwalo lili pafupi. Amalawi amene amabwera kudzaona mwana, a ku Mangochi, a ku Mzimba, mmodzi wa ku Ntcheu kwenikweni, akamva kuti ndinabwera pa ndege amandiyang'ana ngati nduna. Ambiri sanapite kumudzi zaka zisanu, ena kuposa. Ndikawauza kuti ndi maola awiri okha amaseka. Mnyamata wa ku Ntcheu uja anati, "Maola awiri kwa amene mapepala ake ali bwino, mayi." Sindinapitirize nkhaniyo.

Lamlungu, Park Station

Katundu wachuluka: mabulangete atatu, limodzi la amalume lolemera ngati mwana wa ng'ombe, mapoto, nsapato za ana, mafuta ophikira. Makilogalamu 23 sangayandikire n'komwe. Ndiye tagwirizana kuti chikwama chachikulu cha mizeremizere chija chiyende pa basi, ine pa ndege.

Ku malo a mabasi a ku Malawi utha kuiwala kuti uli kunja. Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, mafiriji okulungidwa m'makatoni, njinga, matiresi. Tikulipira katundu, mayi wina wa geni anamva ndikutchula Dedza. Ndi wa ku Lizulu, akukwera basi yomweyo mawa m'mawa. Anati, "Musadandaule asisi, ndizichiyang'anira ngati changa. Tikayandikira boda ndikuimbirani." Tinapatsana manambala. Ndinamugulira botolo la madzi ndi buledi, anakana kawiri, kachitatu analandira.

Basi inyamuka mawa m'mawa, ine ndinyamuka mawa masana. Achimwene akuti tione adzayambe kufika pa Dedza ndani, ine kapena bulangete.

Lolemba, m'mwamba kachiwiri

Kutsanzikana kunali kovuta, sindilemba zambiri. Mlamu analira, ine ndinalimba mpaka pa masitepe oyenda okha aja, amene ulendo uno ndinakwera ndekha.

Ya lero siyolunjika, ikudzera ku Blantyre. Kuchoka OR Tambo kukafika pa Chileka ndi makilomita ngati 1,360, kufupikirapo kusiyana ndi ku Lilongwe, ndipo tinatenga maola awiri ndi timphindi. Lamba ndinamanga ndekha. Pafupi nane panakhala mtsikana wopita kumaliro a mayi ake ku Thyolo, sanadye kanthu njira yonse. Ndinamupatsa switi potsika, china choti ndimuchitire panalibe.

Pa Chileka ife a ku Lilongwe tinadikira, ena akutsika ena akukwera. Ndinasuzumira pa windo kuyang'ana bwalo limene amalume ananyamukirapo ali mnyamata. Ndi laling'ono, mapiri alizungulira. Ndinayesa kuwaona m'maganizo ali pa mzere ndi anzawo, atanyamula timabokosi, osadziwa kuti Francistown ili mbali iti.

Chigawo chomaliza ndi makilomita ngati 250, mphindi 40 zokha. Sikwera kwambiri, ndiye dziko limaoneka bwino. Ndinapempha mpando wa pa windo chakumanja, ndipo sindinalakwitse. Shire anadutsa pansi, kenaka mapiri a ku Ntcheu, dzuwa lamadzulo litawapaka kufiira. Posakhalitsa ndinaliona. Phiri lathu, ndi tinsanja take pamwamba, mitengo ya paini m'mbali, tauni itagona m'tsinde mwake, utsi wa mbaula zamadzulo utayamba kukwera. Ndinagogoda galasi ngati wamisala. Penapake pamenepo mwana wanga amakhala akuteleka madzi a nsima. Ndikanakhala mu minibasi ndikanangoti, "Kondakitala, nditsika pompa!"

Ndege inapitirira nane kwathu, liwiro lomwe lija, n'kukanditula ku Lumbadzi, makilomita 110 kumpoto. Pamene ndimatuluka m'bwalo kunali kutada, za ku Dedza zinali zitavuta kale. Area 25 kachiwiri.

Mayi wa ku Lizulu watumiza uthenga 9 koloko usiku: ali pa mzere ku Beitbridge.

Lachiwiri, Dedza

Minibasi ya lero inayenda bwino, maola awiri ndi theka okha, tayala osaphulika. Mtengo wakwera ndi K1,000 m'masabata awiri omwewa. Ndafika pakhomo 12 koloko, maola 27 chichokereni ku Tembisa. Kabatala kaja kanasungunukira m'chikwama masiku apitawo, koma kajamu kafika kamoyo, ndipo mwana wanga wakaika pa windo, akuti sakadya.

Wandifunsa ngati mtunda unalidi 1,490. Ndamuuza kuti pobwerera unakwana 1,600 ndi kanthu chifukwa cha Chileka, ndipo awonjezerepo 110 wa minibasi ndi takisi, kawiri. Watenga kope.

Uthenga wa 4 koloko: adutsa Harare, koma anataya maola angapo cha ku Masvingo, paipi ya madzi inaphulika. Wa 10 koloko usiku: agona pa Nyamapanda, awoloka m'mawa.

Lachitatu, ku boda

Foni inalira 2 koloko masana. "Asisi, tadutsa Ulongwe." Ndinakwera kabaza mpaka ku boda, n'kukhala pa benchi ya mayi wogulitsa chimanga chootcha. Ndinagula chimodzi K500 kuti ndisakhale mwaulere. Malole anali ndondondo, osintha ndalama akupukusa mitolo ya makwacha ndi meticais.

Basi inatulukira cha m'ma 4, fumbi lokhalokha, ngolo yake ikulendewera kumbuyo. Anatsitsa katundu yense kuti aunikidwe, ndiye panapitanso ola ndi theka. Anthu amatsika ngati odwala, mapazi otupa, maso ofiira, ana atagona pamapewa. Mayi wa ku Lizulu ndinamuzindikira ndi duku lake lokha, nkhope inali itasintha. Anakoka chikwama changa yekha mpaka pomwe ndinaima. Ngodya imodzi inang'ambika, poto mmodzi waphwanyika khutu, zina zonse zilimo. Maola 56 chinyamukireni pa Park Station.

Ndinamupatsa kachewere wa m'thumba laling'ono amene ndinamutengera. Anaseka, nati wa ku Lizulu kumupatsa kachewere kuli ngati kupatsa msodzi usipa, koma anamulandira. Basi inaliza hutala, anathamangira.

Bulangete la amalume likununkha dizilo. Ndaliyanika pa chingwe usiku uno kuti mphepo ilipite, mawa ndikwera nalo ya ku Bembeke.